Galimoto Yowerenga Maenje

Sonkhezerani moto pansi pa mgolowo, phula likadali louma ngati mwala. Matayala ayi, utsi wake umanditsamwitsa, ikani nkhuni. Poti tikudikira ndithu, khalani pansi ndikuuzeni za a Kachingwe, dalaivala uja ankayendetsa galimoto yowerenga maenje. Enanu munaionapo, yoyera, yokhala ndi makamera awiri padenga ngati nyanga za mbuzi. Amene mukuseka sekeranitu, kutsogoloku kulibe choseketsa.

Kale ntchito yowerenga maenje inali ya miyendo. Munthu ankayenda pansi ndi tepi ndi choko, dzuwa likumuwotcha, n'kumalemba m'kope. Ndiye kampani ina imene inapatsidwa msewu wa ku Nkhwali inabweretsa makina. Galimoto imangoyenda pang'onopang'ono, makamera akujambula phula, kompyuta ili pamwendo pa munthu wokhala kutsogolo. Ikaona chilema imalira kuti tiii, n'kujambula kabokosi pagalasi, n'kutchula mtundu wake: mng'alu wowongoka, ming'alu ya khungu la ng'ona, mphepete yodyeka, kutitimira, kapena dzenje. Dzenje inkalizinga ndi mzere wofiira, n'kulemba utali, mulifupi ndi kuya kwake. Pamene msewu uli bwino galasi limangokhala lobiriwira. Wogwira kompyutayo anali ndi mabatani awiri basi. Akadina lovomereza, uthenga umapita kwa gulu lokonza kuti likadule ndi kumata. Akadina lofufuta, ndiye kuti makina anama, zathera pomwepo.

Wogwira kompyutayo anali mayi Sungeni Malikebu, injiniya wachitsikana, wosakonda zolankhulalankhula. Woyendetsa anali a Yotamu Kachingwe, bambo wa zaka makumi asanu ndi mphambu, kwawo kwa Mtsukwa, mudzi umene uli m'mphepete mwa msewu womwewo pa kilomita 31. Pakati pa sabata ankagona kuboma, kumene galimoto inkagona, Loweruka n'kumapita kumudzi. Kumudziko anali mdzukulu, mmodzi wa amuna amene amakumba manda pakagwa maliro. Anakumba zaka zambiri, moti dothi ankalidziwa ndi mphuno.

Ndikuuziranitu, munthu uyu padziko anali ndi chinthu chimodzi chimene ankaopa kutaya. Ana anali atakula n'kubalalikira m'matauni. Anatsala ndi mkazi wawo, a Nazimbiri, mayi wamfupi, wapakamwa ngati wailesi, amene ankagulitsa nthochi pa kabenchi pambali pa msewu. Ankalongolozana tsiku ndi tsiku anthu awiriwa, koma wina akadwala mutu, winayo samadya.

Zinayamba Lachiwiri lina mu Ogasiti, dzuwa lili pamutu, mphepo ikuulutsa mapesi. Atangodutsa chigayo cha pa kilomita 12, pamene phula linali latsopano, makina analira.

"Taimani kaye, a Kachingwe," anatero mayi Malikebu. "Mwaona dzenje inu?"

"Ayi, madamu. Pano mposalala ngati tebulo."

Anatsika onse awiri. Mayi uja anapondaponda ndi nsapato, anagwada n'kusisita ndi dzanja. Panalibe ngakhale kamng'alu kolowa singano. Koma pagalasi panali bokosi lofiira, lopingasa msewu, makona ake anayi owongoka bwino. Inu mukudziwa, maenje a mumsewu sakhala ndi makona, amakhala ngati chakudyedwa ndi makoswe. Utali makina analemba mita imodzi ndi masentimita 95, mulifupi masentimita 80. Pa kuya sanalembe nambala, anangoika timizere, ngati sanafike pansi pake.

"Mwina ndi mthunzi," anatero mayi Malikebu.

A Kachingwe anayang'ana uku ndi uku. Mtengo wapafupi unali kutsidya kwa munda. Izi anawasiyira madamu, poti ntchito yawo inali chiwongolero. Madamu anadina lofufuta. Koma polowa m'galimoto a Kachingwe anaima kaye, mwendo umodzi uli kunja. Munkanunkha dothi lonyowa, lija lapansi lenileni, limene khasu limalipeza likapyola mizu. Mvula inali itasiya mu Epulo.

Lachisanu akubwerera njira yomweyo, anapeza nthambi zaziwisi zitayalidwa mumsewu pafupi ndi chigayo. A Kachingwe anachepetsa liwiro n'kuzimitsa wailesi, monga tonse timachitira pa maliro. Anafunsa bambo wina amene ankakankha njinga. Bamboyo anati ndi mnyamata wa kabaza, wamtali uja ankaimika njinga pachigayo, lole ya mchenga inamupeza dzulo masana. Analoza ndi mlomo pamene zinachitikira. Panali pamene madamu anagwada paja. Galimoto inadutsa pamwamba pake, makina ali chete, galasi lobiriwira.

Anapitiriza ulendo mpaka kuboma.

Lolemba m'mawa fosholo inasowa. Inkakhala kumbuyo kwa galimoto, yomangidwa ndi lamba pamodzi ndi tayala lapadera. Lamba analipo, womanga bwinobwino, fosholo kulibe. A Kachingwe anakalipira mlonda, mlonda analumbira pa amayi ake. Ananyamuka choncho.

Pa kilomita 22, pafupi ndi mjigo, makina analiranso pa phula labwino. Bokosi lofiira, makona anayi, kuya timizere. Koma ili linali lalifupi, mita imodzi ndi masentimita 20.

Mayi Malikebu sanatsike. Anakulitsa chithunzi ndi zala kuti aone ngati pali mafuta otayika kapena kanthu kena kosokoneza kamera. Ndiye anasendeza nkhope pafupi ndi galasi. A Kachingwe anasuzumira. M'mphepete mwa chithunzicho, pamene phula limathera, panali mapazi. Anali a anthu anayi, atakhala pansi mondondozana, opanda nsapato, ofiira ndi dothi mpaka m'akakolo. Pafupi ndi phazi lina pankaoneka mutu wa khasu. Chithunzi chinathera pomwepo, kumtunda kwa mawondo kamera sinatenge.

Onse awiri anadzutsa mitu n'kuyang'ana panja. Panali udzu wouma ndi pepala la shuga likuuluka.

"Anali anthu a maganyu, achoka," anatero madamu.

"Achokera kuti, madamu? Kuno mpaka kudambo kukuoneka konse."

Madamu anadina lofufuta, n'kunena kuti tiyeni. Mawa lake fosholo inapezeka pamalo pake, pansi pa lamba yemwe uja, itamatirira dothi lofiira lonyowa mpaka kumpini. A Kachingwe anaitsuka pampopi osauza mlonda. Sabata isanathe, pamjigo paja panayalidwa nthambi. Kanali kamtsikana, kankathamangitsa mbuzi kuti isalowe mumsewu.

Apa ndiye a Kachingwe anatsegula pakamwa. Anaimika galimoto pansi pa mtengo wa mango, n'kuzimitsa injini.

"Madamu, mundikhululukire, sukulu yanga njochepa. Koma ine miyeso iyi ndikuidziwa. Ife adzukulu tikamakakumba, timadula bango lofanana ndi malemu, ndiye timaonjezera chikhatho chimodzi kumutu, china kumiyendo. Mnyamata wa kabaza uja ndinkamudziwa msinkhu. Msinkhu wa kamwana kaja ndafunsa kwa anthu. Makina anuwa sakunama ayi. Akuona zimene zakumbidwa kale, zikungodikira mwini wake."

"A Kachingwe, chonde, musandiopseze. Ine ndimakhala ndekha m'nyumba."

"Sindikukuopsezani. Inenso ndili ndi mantha."

Mayi uja anaimba foni ku ofesi yaikulu. Kumeneko anamuseka, anati apukute makamera ndi kansalu kofewa, fumbi la kumudzi lachuluka. Anapukuta. Masiku anayi makina anagwira ntchito ngati mwana womvera, ming'alu apa, mphepete yodyeka apo, moti onse anayamba kupuma bwino. Paja chakudza sichiimba ng'oma.

Lolemba lotsatira anafika pa kilomita 31. A Nazimbiri anaiona galimoto ili patali, anadzuka pabenchi paja n'kuthyola phava la nthochi, monga ankachitira nthawi zonse amuna awo akamadutsa. Benchi linali tsidya lina la msewu, kanjira kakunyumba tsidya lino, ndipo mayiyo ankaoloka pamenepo kakhumi pa tsiku. Pamene kanjirako kamakumana ndi phula, makina analira.

A Kachingwe anaponda mabuleki osauzidwa. Pagalasi panali bokosi lofiira, mita imodzi ndi masentimita 70.

A Nazimbiri anabwera akuoloka, nthochi m'manja, pakamwa patayamba kale. Atafika kutsogolo kwa galimoto, chitenje chinamasuka, ndiye anaima kuti amange. Anaima pakati penipeni pa bokosi lija. Panja ankaoneka bwinobwino, ndi patapata wawo wabuluu. Pagalasi ankaoneka kuyambira m'mawondo kupita kumwamba. Mayi Malikebu anatseka kompyuta kuti phwa.

"Bambo a Estere, mwaima pakati pa msewu ngati ng'ombe bwanji?" anatero a Nazimbiri pawindo. "Mwadzuka bwanji, madamu? Landirani izi, musawapatse awa, amadya ngati dzombe. Nanga nkhope yatani? Mwadwala?"

"Ayi, ndili bwino. Dzuwali."

"Dzuwa la chiyani mu Ogasiti? Loweruka mubwere ndi sopo, musaiwalenso."

Atapita patsogolo pang'ono, mayi Malikebu anatsegula kompyuta, chala chikupita pa batani lofufuta. A Kachingwe anawagwira dzanja. Chiyambire ntchito anali asanawakhudzepo bwana wawo.

"Musafufute, madamu. Awiri aja tinafufuta."

Tsiku limenelo a Kachingwe anapempha kuti adutsire kunyumba akamwe madzi. Mkazi wawo ataima pakhomo kuwapatsa chikho, anaona pamene mutu unalekeza pa mphuthu ya chitseko, pamunsi pang'ono pa msomali wokolekapo lichero. Mayi atalowa m'nyumba, anatulutsa tepi ya kuntchito n'kuyeza. Mita imodzi ndi theka. Chikhatho kumutu, chikhatho kumiyendo. Anakhala pansi pakhonde.

Tsono pali mwambo wina umene adzukulu amaudziwa, enanu simunaumvepo poti munakulira m'tauni. Zimachitika kuti manda akumbidwa, kenako uthenga n'kubwera kuti maliro akaikidwa kwina, kapena kuti wodwala uja anangokomoka, watsitsimuka. Dzenje lotero silikwiriridwa lopanda kanthu, ndipo silisiyidwa kukamwa kuli yasa. Likakhala ndi njala limaitana. Amadula thunthu la nthochi lofanana msinkhu ndi munthuyo, n'kulikulunga m'nsalu yake, n'kuligoneka m'menemo, n'kukwirira. Ndipo mwini wake sauzidwa. Akuluakulu amati ukamuuza munthu wamoyo kuti dzenje lake lakumbidwa, wamupha ndi pakamwa pako.

A Kachingwe anafotokozera madamu zonsezi pobwerera. Vuto linali limodzi: thunthu ungaliike bwanji m'dzenje limene lili pansi pa phula losang'ambika?

"Mukadina lovomereza, abwera kudzadula," anatero. "Akangotsegula, zotsalazo ndi zanga."

"Mukudziwa kuti akapeza kuti ndadulitsa msewu wabwino, ntchito yanga yatha?"

"Ndikudziwa, madamu. Ndine ndekha ndikupempha. Ndi mkazi wanga."

Mayi Malikebu anatsegulanso chithunzi cha pa kilomita 31. Kenako anadina lovomereza, n'kulembapo kuti nzamwamsanga.

Gulu lokonza linafika Lachinayi m'mawa, kapitawo wake a Jailosi, munthu wokonda kudandaula kuposa kudya. Anazungulira malowo kawiri, akukanda m'mutu.

"Madamu, ife maenje enieni atikwana kumtundaku, minibasi zikuthyoka masipuling'i. Inu mukuti tidule apa? Kompyuta yanuyi yamwa kachasu?"

"Dulani momwe ndalembera, a Jailosi."

Anajambula ndi choko, macheka analira, phula linatuluka zibenthuzibenthu. Munthu woyamba kumenya piki anatsala pang'ono kugwa chafufumimba, chifukwa piki inalowa yonse ngati m'munda wolimidwa dzulo. Pansi pa phula sipanali miyala yotsendera ija timaika ife. Panali dothi lofiira, lofewa, lonyowa. M'mbali mwake, kunja kwa mzere wa choko, nthaka inali yolimba ngati simenti. A Jailosi anasiya kudandaula. Anatola dothi lija, analinunkhiza, analitaya, n'kupukuta dzanja pa ovolosi kangapo.

"Makina anu sananame," anatero. "Koma apa pakuoneka ngati wina anakumbapo kale n'kubwezera. Kumbani mpaka mupeze polimba."

Anakumba mpaka m'mawondo, polimba osapezeka. Amuna aja anayamba kugwira ntchito mwakachetechete, nthabwala zonse zitatha, aliyense akufuna kuti mnzake ndiye alowe. Itakwana folo koloko anaweruka. Miyala ndi phula akuti zibwera mawa kapena mkuja. Musandiyang'ane choncho, khalidwe lathu mukulidziwa, timadula lero n'kudzamata mwezi wamawa. Anazinga dzenjelo ndi miyala ndi mgolo umodzi, n'kukwera lole yawo.

Lachinayi ndi tsiku la amayi kutchalitchi, ndipo a Nazimbiri sankajomba. Benchi linali lopanda munthu. A Kachingwe analowa kuseri kwa nyumba yawo ngati mbala, chikwanje m'manja. Pa phata la nthochi za mkazi wawo anasankha thunthu lonenepa, anayeza mita imodzi ndi theka, n'kudula. Pachingwe panali chitenje chakale chamaluwa achikasu, chimene mayiyo ankavala pophika. Anachitenga. Mayi Malikebu anaimika galimoto mopingasa kuti odutsa asaone.

A Kachingwe analigoneka bwino m'dzenjemo thunthu lija, mofatsa, monga amagonekera munthu. Anagwada m'mphepete n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mwalandira wanu. Musafunenso wina pakhomo pano." Kenako anayamba kukwirira. Ankati akaponya fosholo imodzi, amamva dothi likugwa kawiri, katatu, ngati pali ena akuthandiza. Sanacheuke. Mdzukulu amadziwa kuti pa ntchito iyi sucheuka. Atamaliza, fungo lija la dothi lonyowa, limene linakhala m'galimoto masabata atatu, linali litachoka.

"Tsopano kawauzeni mayi," anatero madamu. "Adikireni abwere, muwafotokozere."

"Sizinenedwa, madamu."

"Nanga akaona nthochi yawo yadulidwa?"

"Adzati ndi akuba. Adzatukwana mudzi wonse mpaka Loweruka, ine n'kubwera ndi sopo, zatha. Bola akutukwana ali moyo."

A Kachingwe anaseka pang'ono, koyamba m'masiku anayi. Anabwerera kuboma dzuwa likadalipo, ndipo usiku umenewo anagona tulo.

Lachisanu m'mawa anayambira pa kilomita 8. Cha m'ma naini koloko foni ya a Kachingwe inalira m'thumba la malaya. Anaima pambali n'kuyankha. Mawu a mkazi wawo ankamveka mpaka kwa madamu.

"Bambo a Estere, bwerani kuno msanga! Anthu a m'mudzi muno andichita chipongwe choopsa!"

"Chachitika n'chiyani?"

"Ndadzuka m'mawa, nthochi yanga yadulidwa. Ndati kaya, akuba. Ndikuti nditenge chitenje changa chophikira, palibe. Ndiye pooloka msewu ndaona agalu afukula m'dzenje lija anasiya anzanu, kansonga ka nsalu kakuoneka. Maluwa achikasu! Ndathamangira khasu. Mukudziwa chimene ndapeza? Thunthu la nthochi, msinkhu wanga ndendende, atalikulunga m'chitenje changa ngati maliro! Wina akundiika m'manda ndili moyo, bambo a Estere! Ndani amene ndinamulakwira ine?"

A Kachingwe anakanikiza foni kukhutu.

"Mwalisiya momwemo? Nazimbiri, ndiuzeni kuti mwalisiya momwemo."

"Ndilisiye? Ndine wopusa ine? Ndalikoka, ndaliponya kunja, chitenje changa ndachotsa. Afiti amenewo aone kuti alephera."

"Muli pati panopa?"

"Ndalowanso, ndikufufuza ngati anakwiriramo zithumwa zina."

"Tulukanimo! Tulukanimo msanga, mubwezeremo thunthulo!"

"Ndibwezere? Mwapenga kodi?"

Apa munthu uja anaona kuti mwambo wamuthera. Anakuwa mpaka madamu anadzidzimuka.

"Ndine! Ndinaika ndine thunthulo! Chitenje ndinatenga ndine! Tulukani kaye, ndikufotokozerani!"

Pamene a Nazimbiri anayankha, mawu anali aang'ono, ngati a mwana.

"Inu? Bambo a Estere, inu?"

"Mverani, si momwe mukuganizira..."

"Zaka makumi atatu ndikukuphikirani. Ndinakulakwirani chiyani?"

"Nazimbiri, chonde, tulukani kaye!"

"Ndikutuluka." Panamveka kupuma, ndi dothi likugumuka. "Iii. Kodi dzenjeli linali lakuya chonchi? Polowa linali la m'mawondo. Msewu sindikuuonanso."

"Kuwani! Itanani anthu!"

"Alipo anthu pamwambapa. Ndikuona mapazi." Kenako anayankhula mwaulemu, osati kwa amuna awo, monga mayi amayankhulira ndi alendo. "Pepani abambo, muli munthu muno. Musathire dothi, muli munthu."

Foni inaduka.

Galimoto ija inapangidwira kuyenda ngati kamba, koma tsiku limenelo inathamanga moti kamera imodzi inapindika. Makina ankangolira tiii, tiii, pa dzenje lililonse limene ankaligunda, palibe amene ankawasamala. Mayi Malikebu ankaimbira a Jailosi, ankaimbira apolisi.

Pa kilomita 31 zonse zinali m'malo mwake. Dzuwa linkawala, nkhuku zinkasakasaka m'mbali mwa msewu. Amayi awiri ogulitsa tomato anali pa benchi lawo. Anati inde, a Nazimbiri anawaona akukumba, akulongolola okha, ndiye panaima minibasi, iwo n'kuthamangira makasitomala. Pocheuka sanawaonenso, anangoti apita kunyumba. Kunyumba chitseko chinali chotsegula, madzi ali pamoto.

Thunthu la nthochi linali gone pa phula. Chitenje chamaluwa achikasu chinali pambali pake, chopindidwa bwino, ndi patapata wabuluu ataikidwa pamwamba. Dzenje linali lomwe lija, lofika m'mawondo, lopanda kanthu, pansi pake posalala ngati pomangidwa ndi manja. Mayi Malikebu anayang'ana pa kompyuta. Makamera anali ataloza dzenje loonekeratu ndi maso, loti mwana akhoza kugweramo, koma galasi linali lobiriwira.

A Kachingwe analowa m'dzenjemo. Anaima pakati, anatulutsa foni, anaimba nambala ya mkazi wawo. Amayi a tomato aja anamva, madamu anamva. Inkalira pansi pa mapazi awo, chapatali, kanyimbo ka kwaya kamene mayiyo anaikamo.

Anakumba ndi manja mpaka zikhadabo zinazuka. Anthu anabwera ndi makasu, a Jailosi anabwera ndi gulu lonse, madzulo kunabwera ndi katapila. Dothi lofewa lija linali litatha, tsopano inali nthaka yolimba yosakhudzidwapo chilengedwere, ndipo atapyola msinkhu wa anthu awiri anagunda thanthwe. Sanapeze munthu, sanapeze foni, ngakhale khasu limene mayiyo analowa nalo. Apolisi analemba kuti anasowa. Ena m'mudzi amati anathawira kwa achibale ku Mozambiki atatulukira kuti mwamuna wawo ndi mfiti, ndipo a Kachingwe sanatsutsepo. Amati bola zikanakhala choncho.

Mayi Malikebu anasiya ntchito mwezi womwewo. A Kachingwe alipo, ali kwa Mtsukwa komweko, sayendetsanso galimoto ndipo kumanda anasiya kukumba. Amene amacheza nawo amati za imfa sadandaula kwambiri, poti anaika anthu ambiri ndipo amadziwa kuti njira ndi yomweyo. Chimawadya n'chakuti mayi uja anapita akuganiza kuti mwamuna wake ndiye anamukonzera dzenje. M'mawa uliwonse amakhala pakhonde n'kuimba nambala ija. Papita zaka zitatu, batire la foni silikhala masiku atatu, koma imaitanabe. Mawu oti anene anawakonza kale, ndi ochepa, akungodikira kuti mayi asiye kukwiya ayankhe.